Mabelu Oyankhana

Ine mabelu ndinayamba kuliza chifukwa cha basi imene inandisiya. Masiku amenewo, chapakati pa zaka za m'ma 2000, ndinali namwino pachipatala china chachikulu ku Edgbaston, kuno kudziko la azungu, ndipo ndinkakhala m'kanyumba ka kansolo ku Nechells ndi mwana wanga wamkazi. Tsiku lina m'mawa, kumayambiriro kwa Disembala, ndikuweruka ku shifiti, basi inandidutsa ndikuiona chonchi, dalaivala osacheuka n'komwe. Ndinamutukwanira mumtima, Mulungu andikhululukire, n'kuuyamba wapansi mapazi atatupa ngati mandasi.

Panjira imene ndinadzera pali tchalitchi chakale cha njerwa zakuda, chokhala ndi nsanja yaitali. Mabelu ake ndinkawamva ndithu Lamulungu lililonse osalabadira, koma tsiku limenelo ankalira mwa mtundu wina. Onse asanu ndi limodzi ankalira motsatana, mokweza, kuyambira laling'ono kufika lalikulu. Kenaka omwewo n'kubwereza chapansipansi. Mokweza, chapansipansi, mokweza, chapansipansi. Abale inu! Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinakumbuka amayi a kutchalitchi kwathu ku Ntchisi, wina akutsogolera nyimbo enawo akuvomera. Ndinaima pampanda chikwama chili m'manja, kutopa konse kutabalalika. Anthu ankatuluka m'tchalitchimo atatchena masuti, akupatsana moni, ena akumwetulira, n'kumalowera ku holo kumene kunkamveka makapu a tiyi. Ine ndinati mumtima, azunguwa lero ali ndi chikondwerero chachikulu.

Pachitseko cha nsanja panali kapepala koti akufuna anthu ophunzira kuliza mabelu, Lachiwiri lililonse madzulo. Chaka chatsopano chitangolowa ndinapita. Masitepe ake ozungulira, opapatiza, ine thupi langa si la masewera, ndinafika pamwamba ndili wefuwefu. Ndinapeza kachipinda kokhala ndi zingwe zisanu ndi chimodzi zolendewera kuchokera kudenga, ndi nkhalamba zitatu zikundiyang'ana ngati ndagwa kumwamba.

Wamkulu wa gululo anali bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, amene anapuma ntchito ku fakitale ya magalimoto ya ku Solihull. Munthu wosayankhulayankhula, manja ake ngati makasu. Ife tinadzamutcha Akapitawo. Wachiwiri anali mlongo wawo, mayi wa tiyi ndi makeke. Wachitatu anali mdala wina wogontha, amene ankavula kachipangizo kothandizira kumva poliza mabelu, ati amamusokosera. Iye ankaliza ndi maso, kungoyang'ana zingwe za anzake.

Tsiku lomwelo Akapitawo anandiuza vuto lawo. Mabelu asanu ndi limodzi amafuna anthu asanu ndi mmodzi, ndipo iwo anatsala atatu. Lamulungu ankachita kubwereka anthu kumatchalitchi ena. Ndiye komiti ya tchalitchi, motsogozedwa ndi wapampando wina wokonda zamakono, inagamula kuti ikafika mapeto a Sepitembala gulu lisanakwane, zingwe zichotsedwe, aike chimkuzamawu pansanja chizilira mabelu ojambula pa CD.

"Mdzukulu wanga akwatiwa Sepitembala yemweyo," anatero Akapitawo akuyang'ana pansi. "Ndimafuna atuluke m'tchalitchi ndi mabelu oliza anthu."

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinaiwala kuti ndine mlendo. "CD? M'nyumba ya Mulungu? Ndiye ansembenso muwajambule, muziwayatsa ndi batani! Anthu ndikubweretserani ine." Mlongo wa Akapitawo anandipatsa keke, n'kundiuza kuti gululi lilibe mlembi. Ndi mmene zimakhalira, ukalongolola kwambiri pamsonkhano udindo ndi wako. Ndinatsika masitepe aja ndili mlembi, makiyi ali m'thumba, chingwe ndisanachigwireko n'kamodzi komwe.

Loweruka lotsatira kunali kukumana kwa Amalawi kunyumba kwa mnzathu wina. Ndinaima pakhomo la khitchini n'kuyamba kulalikira mabelu. Ndinanama pang'ono, ndivomere. Ndinati kukoka chingwe kumaphwetsa mimba kuposa jimu, komanso n'kwaulere, komanso kuli makeke. Ndinakola anayi. Mnzanga wa ku Ntcheu amene tinkagwira wodi imodzi, amayi awiri a ku Mulanje ogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndi bambo wina wa ku Chipata, dalaivala wa basi. Ameneyu mpaka lero ndimamukayikira kuti ndi amene anandisiya tsiku lija, iye amakana.

Koma kuliza mabelu a azungu ndi ntchito, ndikuuzeni. Kwathu belu ndi chitsulo cha gudumu la lole chopachika pamtengo, umangotenga kachitsulo n'kumenya. Kuno belu ndi cholemera ngati ng'ombe, lili pagudumu lake kumtunda kosaoneka, ndipo ukakoka chingwe limatembenuka lonse mpaka kukamwa kuloza kumwamba, ukakokanso n'kubwerera. Chingwecho chimakwera ndi mphamvu, ndiye uyenera kudziwa pogwira ndi potaya. Akapitawo anali ndi malamulo atatu: mapazi pansi, maso kutsogolo, osavala chilichonse cholendewera. Masabata oyamba anatiphunzitsa kukwera kumtunda kukamanga malilime a mabelu, zitsulo zam'kati zomenyera zija, kuti tiphunzire mwakachetechete anthu oyandikana nafe asatiitanire apolisi.

Paphunziro lachitatu mnzanga wa ku Ntcheu anakoka mopitirira, n'kuiwala kutaya. Tinangoona munthu akunyamuka, nsapato zake zili m'malere kufika m'mawondo mwathu.

"Yesu wanga, sindinakonzeke!" anakuwa.

Akapitawo anamugwira m'chiuno n'kumutsitsa ngati thumba la chimanga. Ife tinali titagwa kale ndi phwete, amayi a ku Mulanje atagwirana, misozi ili chuchuchu. Mdala wogontha uja anangofunsa kuti tiyi wapsa kale kapena ayi. Mnzangayo atakhala pansi anandiloza chala. "Amwali, munati jimu inu. Simunanene zoti tizikwera kumwamba ndi thupi lomwe."

Vuto lina linali kuvina. Mabelu akayamba kutsatana bwino, chiuno chinkayamba chokha. Wa ku Chipata ankaponda sitepe, amayi a ku Mulanje mapewa akugwedezeka, Akapitawo n'kumangoti, "Mapazi pansi, chonde. Mapazi pansi." Atatimasulira malilime aja, phokoso lake linali lochititsa manyazi. Mwana wanga anabwera kudzamvera ali panja, ndipo nditamufunsa mwachichewa kuti zinali bwanji, anandiyankha mwachizungu chake chija: "Mum, it sounds like a kitchen falling down the stairs." Ndinamumana chakudya chamadzulo kwa mphindi zisanu zathunthu.

Ulembi nawo unandikalambitsa. Anthu asanu ogwira mashifiti kuti muwapeze Lachiwiri limodzi! Ndinkakhalira pafoni kupempha manesi anzanga kuti tiswapane, kulonjeza kugwira Khirisimasi, kulonjeza mandasi, kuopseza. Wina akadwalitsa mwana, wina amupatsa ovataimu. Wapampando wa komiti uja ankakwera kamodzi pamwezi, n'kutiwerenga ndi chala ngati nkhuku, n'kutsika. Ndikamuona magazi ankawira. Koma pofika Juni tinkatha kuliza motsatana osagundana, ndipo Akapitawo akaitana kuti belu lakuti lisinthane malo ndi lakuti, tinkasintha ndithu. Ine anandipatsa belu lalikulu, lomalizira, ati ndili ndi thupi lake.

Kuseri kwa chingwe changacho kunali msomali, pamsomalipo chipewa chakale cha kapusi. Ine uve ndimadana nawo, ndiye tsiku lina ndikusesa ndinachitenga kuti ndikachitaye. Mlongo wa Akapitawo anandigwira dzanja. "Icho chisiyeni pomwepo, mayi." Ndinachibwezera ndikung'ung'udza kuti azunguwa amasunga zinyalala.

Tsiku lomwelo ndikukonza m'kabati ndinapeza timapilo tachikopa tisanu ndi kamodzi, tokhala ndi malamba. Ndinamuonetsa mdala wogontha uja. Anandilongosolera ndi manja: umamanga kachikopa mbali imodzi ya lilime, belu likamenya uku limalira mokweza, likamenya uku limalira chapansipansi. Ndinalumpha. Zija! Nyimbo yanga ija ya Disembala, imene miyezi yonseyi ndinkadikira kuti tiiphunzire! Mdalayo anapitiriza kunena kanthu kena, koma ine ndinali nditayamba kale kutsika masitepe kukauza anzanga. Safunsa anadya phula, akuluakulu sananame.

Ndinawasonkhanitsa anayi aja pamalo oimika magalimoto. Ndinati Akapitawo atipirira miyezi yonseyi, tiyeni tiwapatse mphatso. Pa ukwati wa mdzukulu wawo tiwalizire mabelu oyankhana aja, a masiku akuluakulu, iwo asakudziwa. Wapampando akamva zimenezo CD yake akaitaya yekha mu bini. Onse anavomera. Wa ku Chipata anati, "Manje ba sisi, apa mwaganiza monga munthu wophunzira."

Zinthu zinachita kutiyendera. Akapitawo ndi amene ankayenera kulowetsa mkwatibwi m'tchalitchi, poti bambo ake a mwanayo anamwalira. Zimenezo ndinkazidziwa, koma liti, motani, palibe anandiuzapo, nanenso sindinafunse. Mlongo wawo nayenso anali wa paukwati. Ndiye kumtunda kunatsala ife asanu ndi mdala wogontha, amene anamusiyira udindo wotiyang'anira. Lachisanu masana, mabelu atayang'ana pansi mosaopsa, ine ndi wa ku Chipata tinakwera makwerero n'kumanga zikopa zonse, zitosi za nkhunda zili m'tsitsi. Loweruka m'mamawa, anthu asanabwere, mabelu aja tinawadzutsa limodzilimodzi, kukamwa kuloza kumwamba, kuti akhale okonzeka. Mdala uja sanamve kusiyana kulikonse.

Tinali titasoketsa yunifomu ya chitenje chimodzi, yothina bwino kuti lamulo la zolendewera lisaphwanyike. Pakazenera kakang'ono ndinaona wapampando ataima pakapinga, manja atapinda pachifuwa, kudikira kuti tilakwitse. Ndinati dikira pomwepo, bambo iwe, uona. M'kachipinda mwathu munali kababu kamene kankayaka akwati akamatuluka. Kanayaka. Mnzanga wa ku Ntcheu, wa belu laling'ono, anatiyang'ana tonse n'kukoka.

Sitinalizepo bwino ngati tsiku limenelo. Mokweza, chapansipansi. Kutsogolera, kuvomera. Palibe anagunda mnzake, palibe anachedwa. Mayi mmodzi wa ku Mulanje analephera kupirira, anaimba nthungululu chingwe chili m'manja. Lamulo la mapazi pansi linathera pomwepo. Ine ndinkaseka ndekha, mtima uli m'malere, ndikuganiza za nkhope ya Akapitawo kunjako.

Kenaka masitepe anamveka kuti gudugudu. Chitseko chinatseguka, wapampando balamanthu, nkhope ili psu.

"Imani! Imani msanga! Mukuliza maliro!"

Tinaimitsa mabelu mosokonezeka, mdala wogontha n'kulizabe yekha kawiri asanaone kuti zingwe za anzake zaima. Ine ndinayamba ndi ukali, monga mwa chizolowezi changa. "Maliro ati? Inu nsanje basi!" Koma bamboyo, akupumira m'mwamba, anandiuza kuti kuno zikopa zija amamanga munthu akamwalira. Kulira kwa chapansipansi kuja n'kwa maliro, mwana aliyense wa m'dera lino amadziwa. Anati kunjako anthu aima kakasi, amayi ena agwira pakamwa, wina wafunsa ngati wamwalira ndi wachifumu.

Ndinati ayi, ine ndinawamva ndi makutu anga mu Disembala, pa chikondwerero, anthu atatchena akumwa tiyi. Ndikulankhula choncho ndinadzimva ndekha. Kwathu belu la maliro limalira kamodzi, n'kukhala zii, n'kuliranso, ndipo maliro umawamva ndi kulira kwa amayi usanafike n'komwe pamudzi. Ndani akanandiuza kuti anthu omwetulira aja, opanda ndi mmodzi yemwe wobuma, anali ataperekeza munthu?

"Chimkuzamawu sichingachite zoterezi," anatero wapampando. Miyezi isanu ndi inayi ya thukuta ndinali nditaitaya ndi manja anga, pamodzi ndi ukwati wa mwana wa eni.

Tinamva mapazi ena akukwera, pang'onopang'ono. Akapitawo analowa ndi suti yawo, duwa pachifuwa, atatsamira khoma. Ndinagwada pansi, zimene sindinachitirepo mzungu aliyense. "Akapitawo, pepani. Ndine ndachita, anzangawa ndawanyenga ine. Ndimayesa ndi nyimbo ya chisangalalo."

Akapitawo anatembenukira kwa wapampando. "Mwamva mmene amatsatirana? Palibe wagunda mnzake. Ine zaka zonsezi sindinawamvepo ndili panja, ndimakhala kuno." Atatero anayang'ana chipewa cha pamsomali chija. "Zikopazo tinazimanga komaliza mu Disembala. Anali mwana wanga, bambo wa mkwatibwiyu. Belu lalikulu mukulizalo, mayi, linali lake."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndiye kuti tsiku limene ine ndinaima pampanda ndikumwemwetera, bamboyu ankalizira mwana wake. Ndiye kuti chipewa ndinkafuna kutaya chija chinali cha malemuyo. Kalanga ine! Amayi a ku Mulanje anayamba kusisima.

Tisanapume, masitepe anamvekanso, nsalu ikukhula khoma. Mkwatibwi! Anakwera nsanja yonse ija diresi atalikwinyira m'manja, nsapato atavula, zopakapaka zitayenderera m'masaya. Ine ndinatseka maso kudikira mbama, ndipo ikanandiyenera.

"Ndani waganiza zimenezi?" anafunsa.

Anzanga onse anayi, Ayudasi, anandiloza.

Anabwera n'kundidzutsa pomwe ndinagwada. "Mayi, m'mawa wonse ndimadziletsa kulira, aliyense akuopa kutchula adadi kuti angandikhumudwitse. Ndiye ndikutuluka pakhomo ndamva mabelu awo. Ndamva ngati abwera." Anapukuta m'maso ndi velo. "Mwaimitsiranji? Ine ndinali ndisanafike n'kugeti komwe."

Wapampando anayamba kuti mwambo sulola, koma mwanayo sanamumvere. Anati akutsika, akalowanso m'tchalitchi, akatulukenso kachiwiri, ndipo mabelu alire momwemo. Anavula chipewa chija pamsomali n'kuwaveka agogo ake pamwamba pa suti. Akapitawo anandiyang'ana, ine n'kuwapatsa chingwe cha belu lalikulu, koma anakana. "Lizani ndinu, mayi. Ine ndikukamvera panja."

Ndiye mmene zinakhalira. Akwati anatuluka kawiri, wojambula zithunzi anajambula kawiri, ansembe atasokonezeka anadalitsanso kachiwiri. Mdala wogontha anavala kothandizira kumva kaja, anamvetsera pang'ono, anatitulutsira maso, kenaka n'kukavulanso n'kupitiriza kukoka. Ife tinkaliza tikulira, tikuseka, mamina ali mbwee, wopukuta palibe poti manja onse anali pazingwe. Pakazenera ndinaona nkhalamba ya chipewa chakale itaima pakati pa kapinga, mutu utapendekeka, chala chikuwerenga mabelu m'malere.

Komiti inakumana sabata yotsatira. Wapampando anafotokoza mlandu wanga wonse, osasiyako kanthu, ndipo sananame. Ansembe atamvetsera anangofunsa kuti oliza mabelu alipo angati tsopano. Ndinaimirira n'kunena kuti asanu ndi atatu. Zingwe zinatsala. Lachiwiri lake Akapitawo anandipempha mwaulemu kiyi wa kabati ya zikopa, n'kumuika m'thumba lawo la malaya. Makiyi enawo anandisiyira. Anzanga ananditcha Mayi Maliro chaka chonse, ngakhale kuwodi, odwala n'kumadabwa.

Patapita zaka zinayi mlongo wa Akapitawo anabwera kwathu Lolemba m'mawa, ndisanamwe n'tiyi yemwe. Anati Akapitawo atisiya. Anatsegula chikwama n'kundiika kiyi uja m'manja.

Ndinakwera ndi wa ku Chipata kukamanga zikopa, ndipo ulendo uno palibe ankaseka. Tsiku la mwambo zingwe zonse zisanu ndi chimodzi zinali ndi eni ake, osabwereka munthu kwina, awiri ena atakhala pabenchi kudikira kulandira. Pamsomali panali zipewa ziwiri. Kunja anthu anatuluka atatchena masuti, akupatsana moni, akulowera ku holo ya tiyi. Ine nditaimitsa belu langa ndinakhala pansi m'kachipinda muja n'kubuma mokweza ngati kwathu ku Ntchisi, amayi a ku Mulanje n'kuvomera. Mlongo wa Akapitawo anali atakwera kudzatiitanira ku tiyi. Anaima pakhomo kanthawi, kenaka anatseka chitseko, anakhala pansi pambali panga, nayenso n'kuyamba.